Malupanga a Ang Lee kapena Makwerero a Wong Kar-wai?

M'chaka cha 2000 munatuluka mafilimu awiri a Chitchaina omwe anthu amatsutsanabe kuti yoposa inzake ndi iti.

Crouching Tiger, Hidden Dragon ya Ang Lee ndi ya malupanga. Chow Yun-fat ndi Zhang Ziyi amamenyana pamwamba pa nsungwi zikuwerama, kukhala ngati matupi awo ndi nthenga. Inapikisana nawo pa Oscar, mphoto za mafilimu za ku America, m'dzina la Taiwan n'kutenga mphoto 4, kuphatikizapo ya filimu ya chinenero chakunja.

In the Mood for Love ya Wong Kar-wai ndiye ilibe ndewu. Ku Hong Kong mu 1962, anthu awiri oyandikana zipinda, omwe amaseweredwa ndi Maggie Cheung ndi Tony Leung, atulukira kuti mkazi wa uyu ndi mwamuna wa uyo ali pachibwenzi mobisa. Usiku Maggie Cheung amatsika makwerero opapatiza kukagula chakudya, kachitini kali m'manja, n'kupitirirana ndi Tony Leung, kungoyang'anana pang'ono basi. Leung anapata mphoto ya wosewera wamwamuna wopambana pa chikondwerero cha mafilimu cha ku Cannes, ku France.

Pakabwera alendo ndimaika ya Ang Lee, chifukwa palibe amaodzera. Ya Wong Kar-wai ndimaonera ndekha, foni nditazimitsa, ndipo pa makwerero paja ndimabweza kawiri.