Garmin Speed Sensor 2 ndi Cadence Sensor 2: ngati ndalama ndi ya kamodzi, gulani ka pa pedulo

Kampani ya Garmin inatulutsa tizipangizo tiwiri ta njinga yakapalasa timeneti mu 2019, ndipo timagulitsidwa pamodzi kapena kamodzikamodzi. Koyamba kamamangidwa pa habu ya tayala n'kumayeza liwiro ndi mtunda. Kachiwiri kamakhala pa mkono wa pedulo, ntchito yake ndi kuwerenga cadence, kutanthauza kuti mwendo wazungulira kangati pa mphindi imodzi. Tonse tilibe waya, ndipo sitifuna maginito a pa sipoko aja amene ankasuntha njinga ikangogunda bampu. Batire yake ndi CR2032, yonga kandalama kachitsulo, imene Garmin imati imatha pafupifupi chaka ngati mukupalasa ola limodzi patsiku.

Kumanga sikufuna sipanala. Ka pa pedulo kaikeni mkati mwa mkono wakumanzere, mbali yopanda tcheni, mutapukuta bwino kuti pasakhale fumbi. M'bokosi mumakhala malamba a mphira a misinkhu yosiyana; sankhani laling'ono kwambiri limene lingakwane, chifukwa lotakasuka limalola kachipangizo kutsetserekera ku pedulo. Mukamanga, zungulitsani pedulo pang'onopang'ono ndi dzanja, maso ali pa mpata wa pakati pa kachipangizoko ndi felemu. Njinga zina mpatawu ndi wochepa zedi, ndipo munthu akaimirira n'kuponda mwamphamvu felemu imapindika pang'ono, kachipangizo n'kuyamba kupala penti. Zikatero kasunthireni pamene mpata wakula. Kanyali kobiriwira kakaphethira pedulo itazungulira kangapo, ndiye kuti kadzuka.

Ka liwiro kamakulungidwa pa habu ndi lamba wake. Pamsewu, tayala lililonse ndi labwino, ndipo lakutsogolo lili pafupi ndi kompyuta ya pa handulo. Koma ngati mumapalasira m'nyumba pa trainer, chida chogwira njinga kuti mupalase ili malo amodzi, kaikeni kumbuyo, poti lakutsogolo silizungulira n'komwe. Pewaninso habu ya dayinamo. Kachipangizoka kamadziwa kuti tayala lazungulira pomva mphamvu ya maginito ya dziko, ndiye maginito a m'dayinamo amakasokoneza. N'chifukwa chakenso nthawi zina liwiro limadumpha kwa masekondi angapo mukamaoloka mlatho wachitsulo.

Pamene ambiri amakhumudwira ndi polumikiza. Tizipangizoti timalankhula ndi ANT+, njira yopanda waya ya zipangizo zamasewera, komanso Bluetooth. Kompyuta ya Edge kapena wotchi ya Garmin imatipeza msanga, bola tayala ndi pedulo zizungulire kaye, chifukwa tikakhala chete timagona kuti batire isathe. Pa foni, musapite pa mndandanda wa Bluetooth wa foniyo monga muchitira ndi sipika. Lumikizani muli m'pulogalamu imene mujambulire ulendo wanu, kaya ndi ya Wahoo kapena Ride with GPS. Pulogalamu ya Strava inasiya kulandira tizipangizo totere mu 2019, choncho jambulani kwina n'kutumiza ku Strava pambuyo pake. Dziwaninso kuti iPhone ilibe ANT+. Ndipo pulogalamu imodzi ikakana kuona kachipangizo, kawirikawiri ndi ina imene yatsala yotsegula kuseri itakagwira kale. Itsekeni kaye musanathamangire kusintha batire.

Tsono za kukula kwa tayala, zimene zimanamiza anthu osadziwa. Ka liwiro sikadziwa makilomita. Kamangowerenga kuti tayala lazungulira kangati, ndipo kompyuta imachulukitsa ndi nambala ya mamilimita imene mwaipatsa. Tayala lolembedwa 700x23 m'mbali mwake ndi mamilimita 2096, la 700x25 ndi 2105, la 700x28 ndi 2136. Mukaika la 28 koma n'kusiya 2096, mukutaya mamilimita 40 pa kuzungulira kulikonse, ndipo ulendo wa makilomita 100 udzalembedwa ngati 98. Edge imatha kudzipezera nambalayi poyerekeza ndi GPS, ndipo imachita bwino pamtetete, koma ikayeza muli pansi pa mitengo yowirira imatola nambala yolakwika. Njira yodalirika ndi yakale ija: popani tayala monga mumapopera masiku onse, imikani valavu pansi penipeni, lembani ndi choko pasimenti, khalani pa chishalo wina akukugwirani, yendani mpaka valavu ibwerere pansi, lembaninso, n'kuyeza ndi tepi. Kukhalapo n'kofunika, popeza thupi limaphwatalitsa tayala. Mukasintha matayala, yezaninso.

Kodi ka liwiro n'kofunikadi? Kwa wopalasa pamsewu wapoyera, GPS ya foni kapena ya Edge imakwanira. Phindu lake limaoneka pokwera phiri pang'onopang'ono, m'nkhalango ndi m'tinjira tokhotakhota, momwe GPS imadula makona, komanso pa trainer wamba. Pa Zwift, pulogalamu yopalasira m'nyumba, liwiro la tayala ndi limene limasandutsidwa mphamvu yongoyerekeza, ndipo imasintha mpweya wa m'tayala ukachepa kapena mukamanga chogudubuza cha trainer mosiyana ndi dzulo. Musaitenge ngati ya mita yeniyeni ya mphamvu. Ka liwiro kalinso ndi kaluso kena: kamasunga ulendo pakokha, n'kukautumiza ku pulogalamu ya Garmin Connect foni ikayandikira, zothandiza pa njinga yopitira kuntchito.

Ka pa pedulo ndi kamene kamasintha kapalasidwe ka munthu. Ambiri oyamba amakonda giya yolemera, kumakankha pa cadence ya 60 kapena 70 akuganiza kuti ndiko kulimba, mawondo n'kumadandaula. Opalasa ozolowera amakhala pakati pa 80 ndi 100 pamalo athyathyathya. Taonani masamu ake: giya ya mano 50 kutsogolo ndi 17 kumbuyo, pa tayala la 700x25, imayenda mamita 6.19 pedulo ikazungulira kamodzi. Pa 90 ndiye makilomita 33.4 pa ola. Pa 70 mwatsikira pa 26. Kuti miyendo izolowere, tenthetsani thupi mphindi 15, kenako palasani mphindi imodzi pa 105 mpaka 110 ndi giya yopepuka, mupume mphindi ziwiri, mubwereze kasanu. Matako akayamba kudumpha pa chishalo, mwapyola pamene miyendo ikutha kulamulira. Tsikani ndi 5. Poyerekeza maulendo, onetsetsani kuti avareji sikuwerengera ziro za pamene mumangotsetsereka osapalasa, apo ayi tsiku la mapiri lidzaoneka ngati munachita ulesi.

Chofooka chake ndi mphira. Dzuwa, fumbi ndi mafuta a tcheni zimang'ambitsa malamba, ndipo lamba likaduka muli paulendo kachipangizo kamagwa mwakachetechete. Likokeni mwezi uliwonse muone ming'alu. Posintha batire, chotsani yakale, dikirani masekondi 30, ndipo samalani kamphira kozungulira ka pa chivundikiro, chifukwa ndi kamene kamatsekereza madzi. Mabatire ena amapakidwa mankhwala owawa kuti ana asameze, ndipo mankhwalawo amatha kulepheretsa magetsi kudutsa bwino; nambala zikamazimazima batire ili yatsopano, yambirani pamenepo.

Pa mtengo, Garmin ndi yokwera kuposa makampani ena ngati Magene kapena Coospo, amene kachipangizo kawo kamodzi kamatha kugwira ntchito iliyonse mwa ziwirizi, ngakhale osati nthawi imodzi. Amene ali kale ndi Edge kapena wotchi ya Garmin sadandaula nazo ndalama zoonjezerazo. Amene amajambula ndi foni yokha ndipo sapalasa m'nyumba, ka pa pedulo kokha kamukwanira.