Mababu a LED omwe ndinagula ku Kaguvi, ndawachotsa patatha masabata atatu

Galimoto yanga ndi ka Toyota kakale ka ex-Japan, kamalowa babu la H4, lija limodzi lomwelo dimu ndi fulu. Ndimaweruka usiku ndiye pobwerera ku Highfield kuno ku Harare kudzera msewu wa Simon Mazorodze ndimavutika, malo ena mdima bii, maenje nawo osawaona mpaka utalowamo kale. Ndiye Loweruka lina ndinati ayi ndatopa, ndikagule ma LED aja aliyense akuika masiku ano.

Odziwa Kaguvi Street, msewu uja wa mashopu a zida za galimoto, mukudziwa mmene kumakhalira, usanaimike n'komwe anyamata afika kale pawindo. Shopu yake sinditchula. Mnyamata wake ananditulutsira bokosi lonyezimira lolembedwa ma lumen (muyezo wa kuchuluka kwa kuwala) 20,000 ndi 6500K, analumikiza babu limodzi ku batire pompo masana dzuwa likuswa mtengo koma ndinachita kutembenuka nkhope, kuwala kwake eee. Ndinalipira madola 20 osanenerera n'komwe, ndiye kupusa kwanga kunayambira pamenepo.

Vuto loyamba linabwera poika pomwe. Kumbuyo kwa babu lililonse kuli kafani ndi chitsulo chochotsa kutentha, ndiye labala ija yotseka fumbi kumbuyo kwa nyali inakana kulowa, mnyamata uja anangoti madala ingoisiyani ilibe ntchito. Ilibe ntchito bwanji poti mvula yoyamba yomwe mkati mwa galasi munachita nthunzi.

Usiku woyamba ndinasangalala, bodza ayi. Zikwangwani zonse mbee, mitengo mbee mpaka kunsonga, pafupi ndi bampala ngati masana. Koma galimoto iliyonse yobwera kutsogolo imandiphethirira fulu, makombi, ma mushikashika (matakisi osavomerezeka aja), ngakhale wathiraki, ine n'kumadabwa kuti anthuwa atani poti ndili pa dimu. Mayi ena pa loboti anachita kutsitsa windo n'kundiuza mawu oti sindingalembe pano. Ndipo chodabwitsa, maenje aja ndimalowamobe, chifukwa kutsogolo kwenikweni komwe umafuna kuona ukamathamanga kunali zigamba zigamba, pena powala pena pamdima. Tsiku la mvula ndiye zinanyanya, kuwala koyera kopita ku bluu kuja pa tala wonyowa kumangokhala ngati sunayatse chilichonse, madontho okha ndi amene amawala.

Amene ananditsegula m'maso ndi achimwene ena a makaniko ku Mbare, makolo awo anachokera ku Mulanje ndiye timacheza Chichewa chathu bwinobwino. Anandiuza kuti ndibwere madzulo, anandiimitsa moyang'ana khoma patali pang'ono pamalo osatsetsereka, n'kuchotsa LED mbali imodzi kubwezeramo halojeni, babu wamba lakale lija. Achimwene taonani nokha, anatero. Mbali ya halojeni kuwala kunali ndi mzere wodula bwinobwino, pamwamba mdima pansi powala, kenako kukwera pang'ono chakumanzere kuti uziona oyenda pansi m'mphepete poti kuno timayenda kumanzere ngati kumudzi. Mbali ya LED kunalibe mzere uliwonse, kuwala kunangomwazika mpaka pamwamba pakhoma, ndiko kuja kumathobwa anthu m'maso.

Chifukwa chake n'chosavuta. Mbale yonyezimira ya mkati mwa nyali anaipanga moyeza kawaya kakang'ono koyaka ka mu halojeni, kamakhala pamalo ake enieni, ndipo mu H4 muli kachitsulo kophimba kawaya ka dimu kuti kuwala kusapite m'mwamba. Ukaikamo chinthu chowala kuchokera malo ena, ngakhale kusiyana kwake kuli mamilimita ochepa, mbale ija imaponya kuwala kolakwika. Ma LED otchipawa tizidutswa take towala n'tatikulu komanso tatalikirana, ndiye palibe chomwe ungakonze potembenuza sikuluu. Tinayesa kutsitsa, anthu anasiya kundiphethirira koma ine ndimangoona mamita ochepa kutsogolo basi.

Za ma 20,000 zija achimwene anangoseka. H4 wamba ndi 60/55W, amatulutsa ma lumen pafupifupi 1,000 pa dimu ndi 1,650 pa fulu, ndiye kababu kafani kakang'ono ngati kakhobidi kangapose pamenepo kakhumi ndi kuchuluka osapsa? Ndipo 6500K ija ambiri timaiyesa mphamvu pomwe ndi mtundu chabe wa kuwala, halojeni amakhala cha m'ma 3200K n'chifukwa chake amaoneka achikasu. Anandichenjezanso za mababu a 100/90W omwe ena amathamangira, akuti amakoka moto wambiri mpaka pulagi kusungunuka ngati sunaike rileyi (kaswichi konyamula moto wambiri), ndi ma HID (mababu owala ndi gasi) oika m'nyali za halojeni omwe kuthobwa kwake n'koposa apa.

Sabata yachitatu fani ya kumanja inayamba kulira ngati njuchi, fumbi la kuno mukulidziwa, kenako babu linayamba kuphethira lokha. Wailesi nayo ndikayatsa magetsi imangoti shiii. Nditabwerera kushopu anati bokosi lotsegula salandira.

Sindikunena kuti LED yonse ndi yoipa, galimoto zomwe zinabwera nazo kuchokera ku fakitale zimaona bwino zedi poti nyali yonse anaipangira zimenezo. Koma awa a m'bokosi lonyezimira ndikuwapatsa nyenyezi imodzi pa zisanu, imodziyo ndi ya usiku woyamba uja. Ine ndinabwerera ku halojeni ya 60/55W, achimwene anapukuta magalasi omwe anali atachita chikasu ndi dzuwa, anabwezera labala ija n'kulunjikitsa nyali pakhoma, ndipo anandikalipira nditafuna kugwira galasi la babu ndi zala, akuti mafuta a m'manja amalipsereza msanga. Pano ndikuona patali kuposa mmene ndimaonera ndi ma LED aja, omwe ali m'buti ngati pali wowafuna oti akaunikire khola la nkhuku.