Kusaka makolo a kumidzi ya ku England: pa intaneti kapena ku record office?

Njira zilipo ziwiri, kukhala pa foni ndi mawebusaiti osakira makolo ngati Ancestry kapena Findmypast, olo kukwera sitima kupita ku county record office (ofesi yosunga zikalata zakale za dera) ngati ya Norfolk ku Norwich.

Mtengo: Ancestry ndi Findmypast mumalipira mwezi ndi mwezi, ngakhale FreeBMD, webusaiti ya mndandanda wa obadwa, okwatirana ndi omwalira, ndi yaulele. Ku record office kulowa nthawi zambiri ndi ulele koma transport ndi malo ogona zimadya ndalama.

Kuphweka: intaneti yawina, kalembera wa 1841 mpaka 1921 mumamupeza muli gone pabedi. Vuto ndi mayina olembedwa molakwika, ndiye ma John Smith khumi m'mudzi umodzi mutha kutenga agogo a eni ake osadziwa.

Zotsatira: apa ndimakonda record office. Boma linayamba kulemba obadwa mu 1837, kumbuyoko mumadalira mabuku a tchalitchi omwe anayamba 1538, ndipo makolo ambiri anali aganyu a m'mafamu, nkhani zawo zenizeni zili m'mapepala a parish (dera la tchalitchi) othandizira osauka ndi mapu a minda, zambiri sizinaikidwebe pa intaneti.

Ongoyamba kumene kapena okhala kutali, yambani pa intaneti. Amene mwadziwa kale mudzi wake ndipo mwakakamira chaka cha 1837 chisanafike, pitani ku record office.