Ndemanga ya bokosi la makadi a ntchito zowonjezera, nditaligwiritsa ntchito materemu awiri mu Sitandade 7

Ndimaphunzitsa Sitandade 7 pa sukulu ina ya pulayimale ya boma ku Zomba, ndipo m'kalasi mwanga muli ophunzira 94, ngakhale kuti cholinga cha boma n'chakuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60. Aliyense amene anaimapo kutsogolo kwa kalasi yotere akulidziwa vuto limene linandichititsa kugula bokosi ili. Ndikalemba masamu asanu pabolodi, ana khumi kapena khumi ndi awiri amakhala atamaliza ndisanafike n'komwe kumbuyo kwa kalasi, pamene anzawo akadali kulemba tsiku ndi mutu wa phunziro. Piriyodi ndi ya mphindi 35 zokha, koma kwa mwana amene wamaliza pa mphindi ya 15, nthawi yotsalayo imatalika, ndipo amaitha pocheza, popempha kupita panja, kapena polembera mnzake mayankho. Chomalizachi ndicho chimandipweteka kwambiri, chifukwa chimandinamiza kuti phunziro lamveka pamene silinamveke.

Bokosili ndinaligula ndi ndalama za m'thumba mwanga m'sitolo ina ya mabuku ku Limbe, pa mtengo umene ukanandigulira matumba awiri a simenti. Linasindikizidwa ku South Africa ndipo pachikuto analembapo kuti ndi la Grade 5 mpaka Grade 7. Muli makadi 120 okutidwa ndi pulasitiki, ogawidwa m'mitundu inayi: obiriwira ndi a sayansi, achikasu ndi a Chingerezi, abuluu ndi a masamu, ndipo ofiira ndi a mafunso olimbitsa kaganizidwe. Mulinso kabuku kamodzi ka mayankho ndi seti imodzi ya tangram, masewero ochokera ku China a tizidutswa 7 timene mwana amalumikiza kuti apange sikweya, bwato, mphaka kapena munthu wothamanga.

Pa kulimba kwake sindikudandaula. Makadiwa apirira fumbi la mu Okutobala, manja a thukuta, ndiponso denga lathu limene limadontha mvula ikalimba, ndipo mpaka lero palibe limene lang'ambika. Bokosi lenilenilo, la katoni, chiswe chinalimaliza pa tchuthi cha Khirisimasi, choncho makadi tsopano amakhala m'kabigili kapulasitiki kotsekera. Kachidutswa kamodzi ka tangram kanasowa sabata yachitatu, koma ana okha anadula kena pa katoni ya sopo, kenaka n'kudula maseti ena asanu ndi limodzi, monga mmene a Malawi Institute of Education ku Domasi akhala akutilimbikitsira kuti tizigwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu, zija timazitcha TALULAR.

Makadi ofiira ndiwo andibwezera ndalama zanga, ndipo ndikanapeza bokosi la ofiira okhaokha ndikanagula limenelo. Khadi lina limauza mwana kuti aike manambala kuyambira 1 mpaka 9 m'timabokosi 9, titatu titatu, kuti mzere uliwonse, wopingasa, wotsika ndi wodutsa m'makona, ukaphatikizidwa upereke 15. Ana anga analimbana nalo masiku atatu, akufufuta mpaka kope kuboola, mpaka mnyamata wina anazindikira kuti 5 ayenera kukhala pakati, ndipo atangonena zimenezo ena onse anapeza njira. Khadi lina limafunsa kuti ngati anthu khumi akumana ndipo aliyense apatsa mnzake moni wa pamanja kamodzi kokha, moni yense akhala kangati. Ambiri analemba 100, ena 90. Mtsikana wina amene salankhulalankhula m'kalasi anatuluka panja, natola timiyala khumi, natindandalika pansi pa desiki, ndipo anawerenga kuti woyamba apatsa moni anthu 9, wachiwiri 8, wachitatu 7, mpaka womaliza amene alibenso wina womupatsa, zonse pamodzi n'kukhala 45. Ndinamupempha kuti afotokozere kalasi yonse, ndipo kanali koyamba chaka chimenecho kuti ndimve mawu ake akufika kumbuyo kwa chipinda. Palinso khadi lofunsa kuti manambala onse kuyambira 1 mpaka 100 akaphatikizidwa apereka zingati, funso limene amati katswiri wa masamu wa ku Germany, Carl Friedrich Gauss, analiyankha ali mwana poona kuti 1 ndi 100, 2 ndi 99, 3 ndi 98 zonse zikupereka 101, ndipo magulu otere alipo 50, choncho yankho ndi 5050. Ana awiri anatsatira njira yaitali yophatikiza imodziimodzi ndipo anasochera asanafike 60, koma atauzidwa kuti ayang'ane nambala yoyamba ndi yomaliza, anaseka okha poona kufupika kwake.

Ndaganizira chifukwa chimene makadi amenewa amagwirira bwino ntchito chonchi, ndipo ndaona kuti ndi chifukwa chakuti ali ndi Chingerezi chochepa, amatenga nthawi yaitali, safuna kuti ine ndiime pambali pa mwanayo, ndiponso mwana amatha kudziwa yekha ngati wakhoza kapena ayi. Mzere ukapanda kukwana 15 palibe chifukwa choitanira aphunzitsi. M'kalasi ya ana 94 chimenechi n'chachikulu, chifukwa nthawi imene ofulumira ali chete ndi khadi lawo ndi imene ine ndimakhala pansi ndi aja amene kugawa kwa manambala aatali kukuwasokonezabe.

Makadi abuluu andikhumudwitsa, ndipo pano ndikufuna aphunzitsi anzanga amvetse bwino. Pafupifupi theka la makadiwa ndi masamu omwe aja a m'buku, ongowonjezeredwa kuchuluka: mwana amene wamaliza mafunso asanu a kuchulukitsa amapatsidwa ena makumi awiri ofanana nawo. Ana si opusa. Pasanathe masabata awiri anazindikira kuti kumaliza msanga kukuwabweretsera chilango, ndipo ena anayamba kuchedwa dala, kulemba pang'onopang'ono ngati akujambula chithunzi, kuti belu liwapulumutse. Ndinasankhula makadi oterewa n'kuwaika padera, ndipo tsopano ndimawagwiritsa ntchito pobwereza phunziro ndi kalasi yonse basi. Vuto lachiwiri ndi la kalembedwe ka manambala. Ku South Africa amalemba chizindikiro cha koma (,) pamene ife timalemba kadontho ka desimali, choncho mtengo umene ife tikanalemba 12.50 pa khadi walembedwa R12,50, ndipo m'malo mwa 1,250 alemba 1 250. Ana anga, amene ndakhala ndikuwaphunzitsa kuti koma imalekanitsa masauzande, anawerenga 3,5 ngati nambala yolakwika kapena ngati manambala awiri. Ndinakonza makadi ambiri ndi cholembera chosafufutika, koma ntchito imeneyi inanditengera Loweruka lathunthu, ndipo wogulitsa sanandichenjeze za izi. Kusintha marandi kukhala makwacha nakonso sikophweka monga kumaonekera, chifukwa mwana wa ku Zomba amadziwa kuti palibe buledi wa K12.50, ndipo tambala sanamugwirepo m'manja.

Makadi achikasu ndi olembedwera mwana amene amalankhula Chingerezi kunyumba kapena amene wachiphunzira mozama kuyambira ali wamng'ono. Athu amayamba kuphunzira maphunziro onse m'Chingerezi mu Sitandade 5, ndipo pofika Sitandade 7 ngakhale okhoza bwino amavutika ndi ndime yaitali yokamba za Table Mountain, za zigawo 9 za dziko la South Africa, kapena za tchuthi cha m'mbali mwa nyanja yamchere. Sindikunena kuti mwana asamve za maiko ena, koma ntchito yoti achite yekha, popanda womuthandiza, iyenera kuyambira pa zimene akuzidziwa. Ana ankabwera kudzandifunsa tanthauzo la mawu mphindi iliyonse, ndipo cholinga chonse cha bokosili chinkatayika. Ochepa amene anayenda bwino ndi aja opanga mawu ang'onoang'ono kuchokera m'liwu limodzi lalitali, ndi aja opereka chiyambi cha nkhani kuti mwana aimalize. Khadi la Chichewa mulibe ngakhale limodzi, zimene n'zosadabwitsa poona kumene bokosili linachokera, koma Chichewa ndi limodzi mwa mapepala a mayeso a PSLCE amene MANEB imalembetsa kumapeto kwa Sitandade 8. Ndinadula makatoni n'kulembapo makadi anga makumi atatu a ndagi, a miyambi yoti mwana aimalize ndi kuitanthauzira, ndi a mafunso okhudza maboma 28 a dziko lathu, mtsinje wa Shire ndi phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002. Makadi anga a katoniwo ana amawalimbirana kuposa achikasu ogulawo.

Za obiriwira ndinena mwachidule. Ambiri amafuna maginito, mabatire, madzi oundana kapena choyezera kutentha, zinthu zimene sukulu yathu ilibe. Asanu ndi awiri okha ndiwo tagwiritsa ntchito, monga loyeza kutalika kwa chithunzithunzi cha mtengo m'mawa, masana ndi madzulo, ndi lomeretsa nyemba m'botolo.

Kabuku ka mayankho kamangopereka yankho popanda kusonyeza njira, ndipo ndapezamo mayankho awiri olakwika. Limodzi analitulukira ndi mwana, amene anaumirira kuti iye ndiye wakhoza, ndipo nditawerengera ndekha madzulo ndinapeza kuti akunena zoona. Ndikulangiza kuti mphunzitsi ayambe wayankha yekha khadi lililonse asanalipereke, makamaka ofiira, chifukwa ena mwa iwo anandigonetsa mochedwa inenso.

Pali cholakwa china chimene si cha bokosi koma changa, ndipo ndikuchitchula chifukwa palibe pamene analemba chenjezo lake. Masabata oyamba ndinkapereka khadi kwa aliyense amene wakweza dzanja kuti wamaliza. Makadi ofiira atatchuka, ana anayamba kuthamangitsa ntchito ya pabolodi, kulemba chilichonse kuti afike ku kabigili anzawo asanatenge tangram, ndipo nditachonga makope ndinapeza kuti ena amene ankakhoza bwino ayamba kulakwa zinthu zosavuta. Ndinaphunzirapo kuti mwana amene wamaliza msanga si nthawi zonse amene wamvetsa. Tsopano ndimachonga makope a atatu oyamba, iwowo n'kuthandiza kuona a anzawo otsatira, ndipo khadi amatenga yekhayo amene wakhoza mafunso anayi mwa asanu. Amene walakwa amabwerera kukakonza. Aliyense ali ndi tsamba kumapeto kwa kope lake pamene amalemba nambala ya khadi ndi tsiku, kuti asamangobwereza limene analidziwa kale.

Njira imeneyi inabweretsanso dandaulo lina, lomveka ndithu. Ana amene amachedwa, omwe ndi ochuluka, ankaona makadi ngati chakudya cha alendo chimene iwo amangomva fungo lake. Titakambirana nkhaniyi ndi aphunzitsi anzanga ku TDC ya zoni yathu, kumene aphunzitsi timakumana pa maphunziro a ntchito yathu, a PEA, alangizi a sukulu za pulayimale m'zoniyo, anatilangiza kuti pakhale nthawi imene kalasi yonse ikugwira makadiwo. Choncho Lachisanu lililonse ndimagawa ana m'magulu a anthu asanu ndi atatu, gulu lililonse khadi limodzi lofiira, ndipo amene analiyankha kale saloledwa kunena yankho koma kufunsa mafunso otsogolera anzake. Pamenepo ndinadabwa kuona mnyamata wina wobwereza kalasi, amene samaliza ntchito ya pabolodi n'kamodzi komwe, akulumikiza tangram mofulumira kuposa onse, ndipo ndinamva kuti kwawo ndi katswiri wa bawo. Tsopano tili ndi mabawo awiri okumba pansi kuseri kwa kalasi, maenje 32 lililonse, amene sanatidyere ndalama iliyonse.

Aphunzitsi a Sitandade 8 anabwereka bokosili sabata imodzi n'kulibweza, ponena kuti ana awo akamaliza msanga amafuna mapepala akale a MANEB osati tizidutswa ta pulasitiki. Sindikuwatsutsa, poti mayeso ali pafupi ndipo malo ku sekondale ndi ochepa. Kwa ine bokosili likuyenera Sitandade 6 ndi 7, ndipo kwa Sitandade 5 lingakhale lolemera chifukwa cha chilankhulo.

Pa nyenyezi zisanu ndikulipatsa zitatu. Mwa makadi 120, amene ndimagwiritsa ntchito mokhazikika ndi pafupifupi 55, ndipo ambiri mwa iwo ndinachita kuwakonza. Sindingalangize mphunzitsi kuti awononge malipiro ake monga ndinachitira ine, koma ngati komiti ya sukulu ingavomere kugula bokosi limodzi ndi ndalama za SIG, zija boma limapereka zotukulira sukulu, kuti makalasi awiri kapena atatu azibwerekana, ndalamayo sipita pachabe, bola pakhale mphunzitsi wololera kuwerenga khadi lililonse ndi kuchotsa osayenera. Amene mukukagula, tsegulani bokosi muli m'sitolo momwemo, muone kalembedwe ka manambala, muwerenge makadi achikasu awiri kapena atatu, ndipo mufunse ngati amagulitsa ofiira paokha.