Nyenyezi zinayi mwa zisanu: injiniya wapadera amene anadzayendera boila yathu yatsopano

Tinasintha boila mu Okutobala, nyumba yathu kuno ku Leicester, ku England, itayamba kuzizira ngati ku Dedza mwezi wa Juni. Tinaikitsa ya combi, ija yotenthetsa madzi a pampopi ndi maradiyeta popanda thanki. Anyamata awiri anaigwira tsiku limodzi, madzulo n'kutiuza kuti zonse zatheka. Madzi otentha ankatulukadi. Koma radiyeta ya kuchipinda kwa ana inkafunda pamwamba pokha, pansi pali zii, ndipo singano ya presha ya madzi pa boila inkangotsika. Nditawaimbira foni anati ndi mpweya chabe, zikhazikika zokha.

Mayi a kunyumba sanakhutire. Tonse tinakula tikumva za mabanja ogona ndi mbaula m'nyumba nyengo yozizira, m'mawa osadzuka. Mpweya wakuphawo, carbon monoxide, boila yoikidwa molakwika imatha kuutulutsanso, ndipo sununkha, suoneka. Ndiye tinafuna injiniya wina wosadziwana ndi oika aja, tinagwirizana mapaundi 120.

Abambowo anafika pa nthawi yake. Ndisanawafunse n'komwe anatulutsa khadi lawo la Gas Safe Register, bungwe lolembetsa anthu ololedwa kugwira ntchito za gasi, limene linalowa m'malo mwa bungwe lakale la CORGI mu 2009, n'kulitembenuza kuti ndione kumbuyo komwe amalembako mitundu ya ntchito imene mwini khadi ali ndi chilolezo chogwira. Manyazi anandigwira, chifukwa anyamata aja sindinawafunse khadi. Ndinangokhulupirira chizindikiro chachikasu cha pagalimoto yawo.

Anayambira pa mita, kuona ngati gasi sakuthawira penapake m'mapaipi. Kenako anayatsa boila mwamphamvu n'kuyeza presha ya gasi. Anandifotokozera kuti pa mita imayenera kukhala cha m'ma 21 mbar (muyezo wa presha ya gasi), ndipo pofika pa boila isatsike kuposa 1 mbar; ikatsika kwambiri ndiye kuti paipi yachepa. Analowetsanso kachipangizo m'paipi yotulutsa utsi kuti aone mmene gasi akupsera. Apa zonse zinali bwino. Anatiuza mosazungulira kuti boilayo siyoopsa, tizigona mtima uli m'malo. Ndinawalemekeza pamenepo, poti munthu wofuna kudyerapo akanatiopseza kuti tiwapatse ntchito ina.

Zolakwika zinatulukira kwina, ndipo n'zimene ine sindikanaziona ngakhale nditayang'ana chaka chathunthu. Boila za masiku ano zimakha madzi pang'onopang'ono kudzera m'kapaipi kapulasitiki kopita ku ngalande. Kathu kanadutsa panja, kowonda, kosakutidwa ndi chilichonse. Abambowo anati paipi yotere ikakhala panja iyenera kukhala ya mamilimita 32 kapena kuposa, yokutidwa bwino, apo ayi madzi amaundana m'katimo boila n'kuzima. Anandikumbutsa chisanu cha mu Febuluwale ndi Malichi 2018, chija anachitcha Beast from the East, pamene nyumba zambirimbiri zinagona ndi mphepo chifukwa cha kapaipi komweka.

Chimene chinandipweteka mtima ndi madzi a m'maradiyeta. Anatungako pang'ono m'kabotolo: akuda bii, ngati a m'chithaphwi. Atatsegula sefa ya maginito imene ili pansi pa boila, munali matope a dzimbiri okhaokha, chonsecho sefayo yangogwira ntchito milungu isanu. Pa lisiti yathu panalembedwa kuti mapaipi onse atsukidwa ndipo athiramo mankhwala oteteza dzimbiri. Ndalama yake tinalipira. Matope amenewo ndi omwe anakhazikika pansi pa radiyeta ya ana. Za presha zinali zazing'ono: valavu ina inkadontha mobisika kuseri kwa sofa. Anati boila ikazizira singano izikhala pakati pa 1 ndi 1.5 bar.

Kenako anapempha buku la boila n'kutsegula kumapeto, pa tsamba la Benchmark limene woika amayenera kudzaza. Theka linali lopanda kanthu. Anatichenjeza kuti opanga boila akhoza kukana waranti chifukwa cha tsamba lomweli. Satifiketi ya Building Regulations, yotsimikizira kuti ntchito yatsata malamulo a zomangamanga, nayonso inali isanabwere, pamene woika amayenera kulembetsa ntchitoyo pasanathe masiku 30. Pepala limeneli maloya amalifunsa tsiku logulitsa nyumba.

Nyenyezi imodzi ndawachotsera pa zifukwa ziwiri. Lipoti analonjeza kuti lifika m'masiku atatu, linatenga asanu ndi anayi, mpaka ndinachita kukumbutsa kawiri. Litafika, linali la mawu ofewa kuposa amene analankhula kukhitchini kwathu. Pakamwa ananena poyera kuti mapaipi sanatsukidwe. Papepala anangolemba kuti madzi sakufika pa muyezo woyenera. Mwina sanafune kulemba chimene sanaone ndi maso awo, mwinanso ndi zija zoti fisi sadya mnzake. Ine ndinkafuna chiganizo choti ndikawaonetsa oikawo asowe pothawira. Zithunzi za botolo ndi sefa ndi zimene zinandithandiza.

Potuluka anandiuzanso kuti a Gas Safe amalola munthu kupempha kuti adzayendere kwaulere ntchito ya gasi imene yagwiridwa m'miyezi isanu ndi umodzi yapitayo. Akanandiuza pa foni ndisanalipire zikanakhala bwino, ngakhale kuti a Gas Safe chidwi chawo chimakhala pa chitetezo cha gasi, osati matope a m'radiyeta.

Oika aja anabweranso nditawatumizira lipoti ndi zithunzi, koma patapita milungu itatu, popeza ndalama yonse tinali titawapatsa kale ndipo analibe chowathamangitsa. Anatsuka mapaipi tsiku lonse, anasintha paipi ya panja, anadzaza tsamba lija ine nditaima pambali pawo. Satifiketi yafika sabata yatha, ndipo radiyeta ya ana tsopano ikutentha mpaka pansi.