Hackney Diamonds pa galamafoni yanga, ndi mkangano womwe ndinaupeza m'sitolo

Mbale iyi ya Hackney Diamonds, chimbale cha gulu la Rolling Stones, ndinapita kukaitenga kawiri ngakhale ndinalipira kamodzi. Ulendo woyamba ndinafika nayo kunyumba madzulo, ndinang'amba pulasitiki, kuikhazika pa galamafoni, singano n'kutsika. Nyimbo ziwiri zoyamba zinayenda bwinobwino, koma ikulowa yachitatu singano inayamba kujowajowa ngati minibasi pamsewu wa maenje. Nditaiyang'ana cham'mbali ndinaona kuti yapindika pang'ono, mofanana ndi mbale ya pulasitiki imene mwana waisiya pafupi ndi mbaula. Akazi anga anangoti, "Mapaundi 28 amenewo mwagula chiyani, bambo? Nyimbo zake zomwezi si zili mufoni mwanu?" Ndinakhala chete, chifukwa sananame.

Sitoloyo ndi kakang'ono, kali chakummawa kwa London, ndipo ndimadutsapo ndikamachokera ku msika wa Ridley Road kogula ufa ndi nsomba zouma. Dzina lake sinditchula. Mwini wake ndi mkulu wa imvi zomanga kumbuyo, wosalankhulalankhula. M'mawa mwake nditam'fotokozera, sanandifunse kuti makina anga ndi a mtundu wanji kapena ndinainyamula bwanji. Anaiika pa galamafoni yake, anamvera pamene ikudumphapo, anagwedeza mutu n'kundipatsa ina. Iyi anayamba waitulutsa n'kuiunika pa getsi ine ndikuona. Pamenepo ndiye ndim'yamike. Chodandaula changa ndi chimodzi: mabokosi ena amawaika pansi pa windo pomwe pali chotenthetsera m'nyumba, ndipo ndikukhulupirira kuti mbale yanga yoyamba inapindikira pamenepo. Mukagula m'sitolo za malekodi, pemphani aitulutse muione isanalowe m'chikwama.

Ndikudikira kuti andisinthire, anthu awiri anali atagwirana pakamwa. Wina anali bambo wamkulu wovala jekete ya chikumba, kumsana kuli lilime lofiira lija la Rolling Stones. Iye mfundo yake inali imodzi: Charlie Watts, woyimba ng'oma wa gululi, anamwalira mu Ogasiti 2021, ndipo gulu linathera pomwepo, zotsalazi ndi malonda chabe. Winayo anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga woyamba. Iye amati chimbale china chikubwera, poti Mick Jagger, woyimba wamkulu wa gululi, ananena yekha kuti nyimbo zambiri za chimbale chotsatira anazijambula kale, ndipo akuchidikira ndi maso awiri. Bambo uja anati kuli bwino asiyire pomwe pali ulemu. Mtsikana anati ulemu sudyedwa, munthu ngati akutha kuyimba ayimbe. Mwini sitolo anangoseka n'kunena kuti iye wakhala akumva mawu oti "ichi ndi chomaliza" kuyambira tsitsi lake lili lakuda. Kenaka onse anacheukira kwa ine, poti ndine ndinali nditagwira mbaleyo. Ndinati ndiloleni ndikamvere kaye mbali zonse ziwiri popanda kudumpha.

Ndamvera tsopano, kangapo konse, choncho yankho langa nali.

Poyamba ndinene chifukwa chake anthu anachidikira chonchi. Gululi linayamba mu 1962. Ichi chisanabwere, chimbale chawo chomaliza cha nyimbo zopeka okha chinatuluka mu 2005, ndipo cha 2016 chinali cha nyimbo za blues za anthu ena. Ndiye kuti zaka 18 anthu akungomva kuti ali mu situdiyo, ali mu situdiyo. Mu Ogasiti 2023 nyuzipepala ya m'dera lathu lino, Hackney Gazette, inatulutsa kachidziwitso ka kampani yokonza magalasi osweka, yoti inakhazikitsidwa mu 1962. Kampaniyo kunalibe, anali iwowo akuseweretsa anthu. Pa 6 Seputembala anakalengeza chimbalecho ku holo ya zisudzo ya Hackney Empire pa Mare Street, ndipo chinatuluka pa 20 Okutobala. Dzina la chimbalecho ndi chilankhulo cha m'misewu ya kuno: "madayamondi a ku Hackney" ndi tizidutswa ta galasi totsala pansi mbava zikaswa windo la galimoto. Amene takhala m'dera lino timawadziwa madayamondi amenewo, ena tinawasesapo. Pachikuto pali mtima wonyezimira ngati galasi ukung'ambidwa ndi mpeni. Kunena zoona chikutocho sichindisangalatsa, chikuoneka ngati chithunzi cha pa foni ya mwana wa sekondale.

Ine ndinachedwa kugula. Ndinkamvera pa foni m'basi popita ku ntchito ya usiku, ndipo ndinkati n'chimodzimodzi. Chitapata mphoto ya Grammy kumayambiriro kwa 2025 ngati chimbale chabwino koposa cha rock, ndinati ndichimvere mmene bambo anga ankamverera nyimbo. Iwo anali ndi galamafoni yaikulu ngati kabati ku Zomba, ndipo pakati pa mbale zawo za nyimbo zofatsa panali imodzi ya Rolling Stones imene amalume anabwera nayo kuchokera ku Joni. Inkayimbidwa mayi akapita ku Mvano basi.

Nyimbo zilipo 12, zisanu ndi imodzi mbali iliyonse, zonse pamodzi mphindi pafupifupi 48. Kutalika kumeneku ndi koyenera. Cha 2005 chija chinali chotalika mpaka munthu kuyamba kuyang'ana wotchi. Apa atula katundu n'kuchoka.

Mbali yoyamba ndi yaphokoso ndi yonyezimira. Amene anakonza chimbalechi ndi Andrew Watt, wobadwa mu 1990, mwana weniweni poyerekeza ndi madalawa. Dzanja lake likumveka paliponse. Chilichonse chili pamwamba, mawu, magitala, ng'oma, zonse zikukankhana kutsogolo ngati anthu pa mzere wa shuga. Pa mahedifoni zimatopetsa makutu. Pa mbale, kudzera m'masipika anga akale, zafewako pang'ono, besi ikumveka ndi thupi, koma kupanikizana kuja sikunachoke. Bambo wa jekete uja akadandaula za ichi ndikanamuvomereza. Koma mawu a Jagger, amene anali ndi zaka 80 chimbalechi chikutuluka, ndi odabwitsa. Mwina makina athandizapo, koma mpweya ndi ukali wake si za makina. Pa "Bite My Head Off" besi akuyimba ndi Paul McCartney, ndipo waipotoza mpaka kulira ngati njinga yamoto yopanda sailensa. Munthu wa Beatles kuyimbira Stones, anthu amene mafani awo ankatukwanizana zaka za m'ma 1960, ndinaseka ndekha pabalaza.

Mbali yachiwiri ndi imene ndagulira mbaleyi, ndipo ndi imene ikuyankha mkangano wa m'sitolo uja. Nyimbo ziwiri zoyamba ng'oma akuyimba ndi Charlie Watts mwini wake, zojambulidwa mu 2019 asanamwalire. Pa yachiwiriyo, "Live by the Sword", abweretsanso Bill Wyman, woyimba besi amene anachoka m'gululi mu 1993, ndi Elton John pa piyano. Mukatembenuza mbale n'kutsitsa singano, kusiyana kumamveka ngakhale simunawerenge pachikuto. Steve Jordan, amene akuyimba ng'oma m'nyimbo zinazo kupatula yotsekera, amamenya molimba ndi molunjika, ngati mmisiri wokhoma misomali amene salakwitsa. Charlie ankachedwa pang'ono, kachigawo kochepetsetsa, ngati munthu wolowa m'bwalo la gule mosafulumira chifukwa akudziwa kuti ng'oma imudikira. Kuchedwa kumeneko ndi kumene kunkachititsa gitala ya Keith Richards kugwedezeka m'chiuno. Ndinabweza singano katatu pamalo amenewa. Choncho bambo wa jekete sananame kuti china chake chinapita ndi Charlie. Pamene walakwa ndi poganiza kuti Jordan ndi mlendo wongotoledwa. Munthuyu wayimba ndi Keith kuyambira zaka za m'ma 1980, ndipo ndi Charlie yemwe anavomereza kuti amugwirizire mpando atadwala.

Nyimbo imene Keith akuyimba yekha ndi yaifupi, mawu ake osasa ngati munthu wodzuka kumene, ndipo ndimaikonda kuposa zonse za mbali yoyamba. Kenaka pakubwera "Sweet Sounds of Heaven", ya mphindi zoposa zisanu ndi ziwiri, Lady Gaga akuponyerana mawu ndi Jagger, Stevie Wonder ali pa kiyibodi. Ndi nyimbo ya kwaya ya kutchalitchi yovala zovala za rock. Imafika poti yatha, kenaka ng'oma n'kuyambiranso pang'onopang'ono, awiriwo n'kumakwezana mawu mpaka kudenga. Apa ndi pamene akazi anga anatuluka kukhitchini ali ndi mthiko m'manja n'kufunsa kuti mayi akuyimbayo ndani. Za mapaundi 28 sanazitchulenso.

Yotsekera ndi "Rolling Stone Blues", nyimbo ya Muddy Waters ya 1950 imene gululi linatengako dzina. Mulibe alendo, mulibe ng'oma. Muli Keith ndi gitala, Jagger ndi mawu ndi kachitoliro kapakamwa kaja ka harmonica. Awiriwa, amene ankadziwana ali ana, anakumananso pa siteshoni ya sitima ya Dartford mu 1961, Jagger atanyamula mbale za Chuck Berry ndi Muddy Waters m'khwapa, ndipo kucheza kwawo kunayambira pa mbalezo. Patapita zaka zoposa 60 akhala pansi n'kuiyimba ngati madala awiri pakhonde dzuwa likulowa. Pa mbale mumamva chala chikukhula nsambo. Apa mpamene mnyamata wokonza uja anachotsa dzanja lake, ndipo mpamene pakukoma koposa.

Anthu ambiri akuti nyimbo imeneyi ndi kutsanzika, ndipo n'chifukwa chake ena safuna chimbale china, akuti chidzaononga mathero abwino. Ine ndaimva mosiyana. Ndaimva ngati chitseko chimene angochitsegula pang'ono n'kuchisiya. Ngati chimbale chotsatira chidzakhale chodzaza alendo otchuka ndi phokoso lonyezimira ngati mbali yoyamba, ndidzachimvera pa foni m'basi, ndalama zanga zidzapita ku Ridley Road. Koma atati atseke chitseko cha situdiyo, atsale Jagger, Keith ndi Ronnie Wood wa gitala inayo, Jordan azimenya chapansipansi, ayimbe ngati anthu a zaka zawo, ndidzakhala woyamba pa mzere.

Loweruka lina ndinadutsanso pa sitolo paja kuti ndikapereke yankho langa. Bambo wa jekete ndi mtsikana uja panalibe. Ndinauza mwini sitolo, iye anamvetsera mpaka kumapeto, n'kutsegula kabuku kake ka anthu oitanitsiratu. Tsamba la Rolling Stones linali kale ndi maina asanu ndi awiri, a chimbale chimene panthawiyo chinalibe dzina ndi tsiku. Anandiloza dzina lachitatu n'kunena kuti ameneyo ndi wa jekete uja. Langa analemba lachisanu ndi chitatu. Mabokosi aja adakali pansi pa windo.