Hogarth kapena Bingham: Chithunzi cha Chisankho Choyenera Khoma la Pabalaza

Amene akufuna kupachika pabalaza chithunzi chakale cha anthu akuponya voti amapeza kawirikawiri mayina awiri, William Hogarth wa ku England ndi George Caleb Bingham wa ku Missouri m'dziko la America. Zithunzi zenizenizo zili m'nyumba zosungiramo zinthu zakale, choncho zomwe timagula ndi makope osindikizidwa papepala kapena pansalu.

Hogarth anajambula zithunzi zinayi potengera chisankho cha ku Oxfordshire cha 1754, ndipo lero zimasungidwa ku Sir John Soane's Museum mumzinda wa London. Cholinga chake chinali kudzudzula ziphuphu. M'chithunzi chachitatu, The Polling, msilikali wolumala akulumbira ataika chingowe chachitsulo pa Baibulo chifukwa dzanja alibe, munthu wodwala mwakayakaya wanyamulidwa kuti adzavote, pomwe chapatali ngolo ya Britannia, mkazi woimira dziko la Britain, yathyoka, oyendetsa ake ali kalikiliki kutchova juga. Luso lake ndi losakayikitsa, koma nkhani yake imamveka bwino zithunzi zonse zinayi zikakhala pamodzi, ndipo si nyumba iliyonse ili ndi khoma lotalika chotero.

The County Election ya Bingham, ya 1852, yomwe ili ku Saint Louis Art Museum, imaima payokha. Bingham anachitapo ndale iye mwini, n'chifukwa chake anthu ake amaoneka ngati anawadziwa ndi maso: wina akulumbira pakhonde pamaso pa woyang'anira chisankho, popeza nthawi imeneyo voti inkanenedwa mokweza anthu onse akumva, mmodzi wa opikisana pachisankhocho akuvula chipewa mwaulemu, anyamata awiri akusewera ndi mpeni pansi, ndipo woledzera akukokeredwa pamzere. Kuwala kwa dzuwa ndi mitundu yake yofiirira zimagwirizana bwino ndi mipando yamatabwa. Wogula adziwe kuti m'khamumo mulibe mkazi ngakhale mmodzi, ndipo munthu wakuda amene akuonekamo akungothira chakumwa, savota. Kwa ine, chimenechi ndi chifukwa chochipachika poonekera, kuti ana akafunsa tiwafotokozere kuti ufulu wovota sunali wa onse.

Pabalaza ndingasankhe Bingham, ndipo Hogarth ndingamusungire chipinda chowerengera, kumene munthu amakhala ndi nthawi yoyang'anitsitsa. Pa onse awiriwa, kope laling'ono limaononga ndalama chifukwa nkhope zimasanduka timadontho, choncho gulani lotambalala masentimita osachepera 60, ndipo musalipachike moyang'anizana ndi zenera, poti dzuwa limafwifwitsa utoto.